Mphunzitsi wa Chigiriki pa Msika wa Canning Vale

A Overtone ankaphunzitsa Chilatini ndi Chigiriki ku seminale ina ku Malawi, asanatsatire akazi awo, anamwino, ku Perth m'dziko la Australia. Lero amasankha tomato ndi anyezi pa msika wa Canning Vale. Ntchitoyo sainyoza, chimene chinawalasa mtima ndi china.

Atamva kuti agogo a bwana wawo anachokera pa chilumba china cha Agiriki, anamulonjera m'Chigiriki mosangalala. Bwanayo anaseka, nayankha m'Chingerezi kuti chinenerocho chinapita kumanda pamodzi ndi agogo akewo, iye anangotsala ndi mayina a zakudya. Atafika kunyumba, a Overtone anamvetsera mwana wawo Tawina, amene Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi, ndipo mantha anawagwira.

Pa msonkhano wa Amalawi ku tchalitchi cha ku Morley, anapempha holo kuti Loweruka aziphunzitsamo ana Chichewa.

“Abale anga,” anatero, “Chigiriki ndi Chilatini zinabadwa kwa kholo limodzi. Agiriki akale, powoloka nyanja kukamanga midzi ku Italy, anapita ndi chinenero chawo, ndipo zilembo zawo zinabala za Aroma. Sanachisunge ndi mikondo yokha, anachisunga m'kamwa mwa ana. Nanga mdzukulu wawo ndimagwira naye ntchito uja...”

“Aphunzitsi,” anawadula Mayi Felesta, apampando, “ife tabwera kudzagwirizana za nyama yowotcha ya mu Julayi, inu mwatikweza sitima ya Agiriki! Kiyi ndi uyu, tengani, tisagone pano.”

Anthu anaseka, ena nawomba m'manja. Koma kuwomba m'manja sikunyamula mwana kumufikitsa kuholo. Abambo ambiri amakhala kumigodi, akabwera amafuna kupuma. Amayi ali ndi mashifiti. Loweruka ndi la mpira ndi kusambira. Ana anayamba angapo, kenako anatsala Tawina yekha, atakhala pakati pa mipando yopanda anthu.

Ena amati nthawi ndiyo inawagonjetsa a Overtone. Limenelo ndi bodza lodzitonthoza nalo. Nthawi siyendetsa galimoto. Makolo ndiwo amasankha kokhotera.

Loweruka lina Tawina anatuluka kuchipinda atavala za mpira wa ntchembere mbaye, nagwada monga anamuphunzitsira. M'Chichewa chosalala, chimene anachikonzekera sabata yonse kuti asawakhumudwitse, anati: “Adadi, pepani, anzanga akundidikira. Ndikupempha ndisiye maphunziro a Chichewa.”

A Overtone anamukonza liwu limodzi lokha, namupititsa kubwalo. Pobwerera anadzera kwa Mayi Felesta kukasiya kiyi.