Sikono za mng'ono wanga

Fungo la sikono zotentha linatipeza pamsika wa paBoma dzulo, ndikuchokera kuchipatala ndi mdzukulu wanga wodwala shuga. Mwanayo anangomeza malovu. Adokotala anali atangotiuza zotsatira za magazi, kuti kutsekula m'mimba kosathaku si shuga yekha ayi, matumbo ake amadana ndi tirigu. Eti tirigu, yemweyu timalima kwathu kuDambe!

Pomwepo ndinakumbuka mng'ono wanga, tili ana. Ankamwa madzi osakhuta, ndipo pomwe wakodza pankadzaza nyerere. Mimba inali yotupa, timiyendo ngati bango. Amayi ankapera tirigu n'kumuphikira yekha sikono mumphika, makala pamwamba, ife tikudya mbatata ndi nsanje.

Tsiku lina masana anagona pamphasa pansi pa mpichesi.

"Amayi, sikonozi zimandipotokola m'mimba," anatero.

"Idya mwanawe, wodwala amadya zabwino. Ukakana izi, ndikupatsanso chiyani ine?"

Mng'ono wangayo anandikankhira chidutswa mobisa kuti ndimudyere. Amayi anationa. Anandilanda, n'kuchiviika m'madzi kuti chifewe. Iye anandiyang'ana, misozi ikutsikira m'makutu, n'kutsegula pakamwa.