Tsiku lomwe tinakwirira chigwembe cha pa Kanyungu

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinanena bodza la mawu awiri okha pamaso pa anthu ambiri, ndipo onse anandiwombera m'manja.

Bambo anga anali tenanti pa esiteti ina ya fodya cha ku Chulu. Kwathu kwenikweni ndi ku Phalombe, koma ine ndinakulira pakati pa zigafa za kunoko. Pakati pa nyumba zathu ndi msewu waukulu panali dambo la Kanyungu, ndipo njira yokhayo ya oyenda pansi ndi apanjinga inkadutsa pakati pake. Sukulu, chigayo, tchalitchi ndi chipatala, zonse zinali kutsidya. Msewu wa mathirakitala unalipo, koma unkazungulira kutali, ulendo wa theka la tsiku. Pakatikati pa dambolo madzi anali atakumba chigwembe. M'chilimwe tinkangotsikamo n'kukwera. M'dzinja abambo ankasenza njinga pamutu, amayi ankakweza ana pamapewa, ife ana asukulu tinkavula yunifolomu n'kuwoloka makope tili nawo kukamwa.

Chaka chimenecho kunamveka kuti kwabwera thandizo la chitukuko lomangira kamlatho kamodzi. Malo ofuna kamlathoko anali atatu, ndipo alendo ochokera kuboma adzayendera onse kuti aone povuta kwambiri. Wapampando wa komiti ya chitukuko kwathu anali a Nyirenda, mkulu wa mpingo, munthu amene sindinamumvepo akutukwana. Anaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa mango, ife ana tili chapambali.

“Alendo olemekezeka adzatsike m'chigwembe ngati mbuzi? Yayi, abale anga. Adzati kuno kumakhala anthu aulesi. Mawa aliyense ndi khasu lake.”

Bambo anga anaimirira atagwira chipewa m'manja. “A Nyirenda, ndifunseko. Kodi munthu popita kwa dokotala amayamba wabisa bala lake?”

Anthu ena anaseka, koma a Nyirenda sanaseke. “Inu a ku Phalombe mawa mukhoza kukulunga mphasa zanu n'kumapita. Manyazi atsalira ife eni kuno.”

Bambo anakhala pansi. Tenanti akakumbutsidwa kuti ndi wobwera, mawu amamuthera.

Tinagwira ntchito masiku atatu padzuwa la Okutobala. Akuluakulu anaponya nthambi ndi mapesi m'chigwembemo, ife ana tinatuta dothi m'ndowa mpaka makosi kuuma. Tinapondaponda, tinathira madzi kuti fumbi ligone, amayi anasesa, ndipo m'mbali mwa njira tinandandalika miyala yopaka laimu. Ndisabise, ndinanyadira. Kanyungu anali asanakongolepo chotero. Aphunzitsi athu anatiphunzitsa nyimbo yolandirira alendo, n'kutichenjeza kuti mwana waulemu sadandaula pamaso pa mlendo.

Tsiku la alendolo Bambo kunalibe, chifukwa kapitawo sanawalole kusiya nazale ya fodya osathirira. Alendo anabwera atatu, galimoto anaisiya kumsewu. Mmodzi wa iwo anabwereka njinga, anapalasa kudutsa pamwamba pa chigwembe chathu chokwirira n'kubwerera akuseka. “Apa ndiye ngati patala!” Koma pakati pawo panali mayi wina wonyamula kope amene sanaseke. Anagunda pansi ndi chidendene kawiri, anayang'ana bango lomwe linamera mbali zonse ziwiri, kenako anandikodola pakati pa anzanga oimba.

“Mwana iwe, umadutsa pano popita kusukulu?”

“Eya.”

“Mvula ikagwa pamakhala bwanji?”

Ndikukumbukira fungo la laimu ndi thukuta lomwe linkanditsika kumsana. Ndinkadziwa yankho. Kope langa la masamu linali ndi masamba okwinyika chifukwa cha madzi a pamalo omwewo. Ndinayang'ana a Nyirenda, iwo anandimwetulira. Ndinayang'ana aphunzitsi, iwo anakweza nsidze.

“Pamakhala bwino.”

Anthu anawomba m'manja, amayi ena analulutira. Mayi uja anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati akundipatsa mpata wina, koma ine ndinaweramitsa mutu. Analemba m'kope mwake n'kutseka. Pachakudya cha alendo a Nyirenda anandipatsa mwendo wa nkhuku, amvekere, “Mwana woleredwa bwino uyu.” Ndinaudya mokoma.

Kamlatho kanapita kumudzi wina, kumene anthu sanakonze kanthu. Mvula yoyamba yamphamvu inakokolola dothi lathu lonse, mapesi ndi miyala yoyera yomwe, ndipo chigwembe chinatuluka chokulirapo kuposa kale.

Bambo anamva zonse tsiku la alendo lomwelo, koma sanandimenye. Anadikira mpaka Lamulungu lina m'Januwale tikupita kutchalitchi. Titafika pa Kanyungu anatsamiritsa njinga pamtengo wa katope womwe uli m'mphepete mwa chigwembe, anandigwira dzanja n'kulowa nane m'madzi, ndili ndi malaya anga a kutchalitchi. Madzi anali ozizira, ofiira, ndipo anandifika pachifuwa. Ndinkamva mchenga ukuthawa pansi pa mapazi anga.

“Yohane, nenanso mawu aja.”

Ndinayamba kulira.

“Nenanso. Unawanena pa anthu, uwanenenso pano madziwa amve.”

Sindinathe. Anandisunga pamenepo kanthawi, dzanja lawo litandigwira zolimba kuti ndisakokoloke. Kenako anatulutsa mpeni wawo, anasema chizindikiro pathunthu la katope pamene madzi analekezera, n'kunditulutsa.

“Mlendo wobwera kudzacheza, umusesere bwalo,” anatero akufinya malaya anga. “Wobwera kudzaona vuto, umuonetse vutolo. Mayi uja anafunsa iwe chifukwa akuluakulu tonse tinali titanama kale ndi makasu. Unatsala iwe wekha.”

Bambo anamwalira kalekale. Ine sindinabwerere ku Phalombe. Ndinapeza kamunda konkuno, ndinakwatira a Nabanda, ndipo tinakhala limodzi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Panjinga ankakhala chammbali pakaliyala, akuimba nyimbo za kwaya, ndipo tikafika pa Kanyungu ankandiseka kuti, “Bambo a Tamanda, tsikani, tafika pamlatho wanu uja.” Ndinali nditawauza nkhani yonse.

Zaka ziwiri zapitazo, m'Febuluwale, a Nabanda anadzuka akubanika, mpweya ukuvuta. Njinga ya ambulansi, ija yokoka kangolo kogonekapo wodwala, tili nayo m'mudzi. Tinafika pa Kanyungu dzuwa litangotuluka n'kupeza madzi atapitirira chizindikiro cha Bambo. Kangolo sikakanatha kuwoloka, ndipo ngakhale amuna anayi onyamula wodwala pachitseko sakanaima m'madzi amenewo. Tinadikira pansi pa katope mpaka masana, mutu wawo uli pamiyendo yanga, tsidya lina tikuliona, anyamata a kabaza ataima kumeneko osatha kutithandiza. Tinafika kuchipatala dzuwa litapendeka. A Nabanda anatisiya m'mawa mwake.

Sindinena kuti chigwembe ndi chimene chinawapha. Adokotala sananene choncho, ndipo masiku a munthu amawadziwa ndi Mulungu. Ndapemphera kuti mkwiyo undichoke, koma sunachoke, ndipo ndasiya kunamizira kuti unachoka. Ndimakwiya ndi anthu amene amabwera kudzayeza dambo m'Okutobala, nsapato zawo zili zouma, n'kukagawa milatho ali muofesi. Kodi mtsinje amaudziwa m'chilimwe? Ndimakwiya kuti pokonza njira amayamba aganizira lole yonyamula mabelo a fodya, pomwe munthu amene analima fodyayo amayenda pansi kapena panjinga. Koma mkwiyo waukulu ndili nawo pa ife eni ake, amene timaopa manyazi a tsiku limodzi kuposa madzi a chaka ndi chaka. A Nyirenda sanali munthu woipa, ndipo atamwalira ndinanyamula nawo bokosi lawo. Ankangofuna kuti tisanyozeke. Chimenecho ndiye chimandiwawa, kuti ulemu wathu womwe ndi umene unatilanda mlatho.

Mwezi wathawu kunalengezedwanso kuti kukubwera alendo odzaona njira. Wapampando wa lero ndi mdzukulu wa a Nyirenda, wophunzira bwino, ndipo ndinamumva ndi makutu anga akunena kuti aliyense abwere ndi khasu. Ine pamisonkhano sindiyankhula, anthu amadziwa. Tsiku limenelo ndinaimirira.

“A tcheya, amene akufuna kukwirira chigwembe chija ayambe wakwirira ine.”

Wina kumbuyo ananong'ona kuti chisoni chawasokoneza mutu a Yohane. Koma m'mawa mwake palibe anabwera ndi khasu.

Alendo atafika anatsika m'chigwembe pogwira mizu, wina mpaka anang'amba buluku. Ndinawatengera pa katope. Ndinawaonetsa chizindikiro cha Bambo, chomwe tsopano chinada n'kutupa m'mbali, ndiponso china pamwamba pake, chomwe ndinasema ine tsiku lomwe ndinkadikira ndi a Nabanda. Mmodzi anafunsa kuti mvula ikagwa pamakhala bwanji. Ndinaika dzanja pachizindikiro chapamwambacho n'kunena kuti, “Pamakhala apa.”

Ngati mlatho ubwere, sindikudziwa. Chimene ndikudziwa tsopano n'chakuti kubisa vuto kwa munthu wobwera kudzathandiza si ulemu, ndipo wovutika nalo bodzalo nthawi zambiri si amene analinena, koma amene adzafike pamadzipo pambuyo pake. Mayi wa kope uja anandifunsa funso limodzi lokha, ndipo zanditengera zaka makumi atatu ndi maliro a mkazi wanga kuti ndimuyankhe.