Kamakina kosadziwa basela pa Thuchila

Lachiwiri lapitali ndinali kwathu ku Thuchila, ndipo ndisanafike n'kunyumba komwe ndinapatukira pagolosale ya a Namathanga, mwa chizolowezi changa. Ndinawapeza atakhala pakhonde, manja ali m'masaya. Ndinadabwa, chifukwa chibadwire changa mkuluyu sindinamuonepo kunja kwa kauntala dzuwa lili pamutu.

A Namathanga anabwera kuchokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo, atasenza sikelo pamutu. Anzawo atabwerera, iwo anatsala, n'kutsegula kagolosale matipate atangoyamba kumene. Ife tinakulira pamenepo. Ukatumidwa mchere, ankakufunsa kaye za sukulu, kenako n'kukuponyera switi imodzi m'thumba la malaya. Basela ameneyo. Ena a ife tinkalimbirana kutumidwa chifukwa cha switiyo, osati ulemu ayi.

Lero maso awo achita ng'ala. Golosale akuyendetsa ndi mwana wawo Esinati, ndipo wakhala akuwachonderera kuti akapume kunyumba, poti mitengo yolembedwa pakatundu sakuionanso. Iwo ankakana, amvekere mitengo yonse ili m'mutu. Esinati akawaopseza kuti adzagula makina a m'masitolo a m'tauni, aja owerenga timizere takuda ta papaketi n'kulira kuti tii, ankangoseka. Anali atawaonapo ku Limbe: chimakina chokhomerera pakauntala, nthambo mbwee, chofuna katswiri wochokera kutali ndi magetsi osathima. Zimenezo zifike pa Thuchila? Ankagona tulo tawo.

Koma chakudza sichiimba ng'oma. Makinawo anafika Lolemba pa minibasi, m'chikwama cha m'manja cha Esinati. Kanthu kake kangati tochi, kopanda nthambo, kolumikiza ku foni basi. A Namathanga anandiuza modandaula kuti mwanayo anamaliza kukatchera madzi a tiyi asanawire. Kenako mwanayo anatulutsa mpando wa bambo ake n'kuuika pakhonde.

Ndisaname, kamakinako n'kabwino. Ndinaona Esinati akuyenda nako m'mashelefu, tii apa, tii apo, mpaka kukatenga panja kukalozetsa pathumba la feteleza lomwe likanafuna anthu awiri kuti alikokere kukauntala. Amene anaganiza zochepetsa chimakina chija anaganiza bwino. Koma chifukwa chiyani ine ndinamva chisoni?

Tili chikhalire, panafika mayi wina wothyola tiyi, mwana ali kumbuyo. Anapempha sopo wochapira, uja wamtali, koma theka lokha. Esinati anatenga sopoyo n'kumutembenuza uku ndi uku. Timizere tili papepala la sopo wathunthu, ndipo kamakinako kamadziwa wathunthu yekha. Anawauza mwaulemu mayiwo kuti tsopano sakudulanso, atenge yense kapena adikire mwezi ukatha. Mayiwo anangokonza mwana kumbuyo n'kutembenuka.

Inu owerenga, munayamba mwaonapo munthu akutuluka m'sitolo chimanjamanja, akuyesa kuyenda ngati sanafune kanthu? Zimapweteka kuona.

A Namathanga anadzuka. Anawauza mayiwo kuti aime kaye, n'kulowa mogwiragwira khoma mpaka kuseri kwa kauntala. Anapapasa pansi pa sikelo yawo yakale ija n'kutulutsa ulusi umene akhala akudulira sopo zaka zonsezi. Anayeza ndi chala, anakulunga ulusi, anakoka. Sopo anagawika pakati penipeni, ngati wadulidwa kufakitale. Atatero anapisa dzanja m'botolo la maswiti, n'kupereka imodzi kwa mwana anali kumbuyo uja.

Esinati anayamba kudandaula kuti zoterezi ndi zimene akufuna zithe, poti chilichonse chotuluka m'golosale chiyenera kudutsa pakamakina. Bambo ake anamupempha kuti awabwereke kanthuko. Anakalozetsa paswiti ili m'manja mwa mwana, anadina, koma zii. Switi ya m'botolo ilibe timizere.

"Waona, mwanawe," anatero mkuluyo. "Aka sikakuona. Inenso maso anafa, sindikuona. Watsala ndiwe. Ukuona kanthu?"

Esinati anayang'ana mwanayo, amene anali atayamba kale kumata dovu paphewa la amake. Anayang'ana bambo ake. Kenako anatembenukira kushelefu n'kuyamba kusanja mabotolo omwe anali osanjika kale.

"Sindikuona kanthu, ababa," anayankha chapansipansi.

Nkhani yanga ili pamenepa. Katundu wa m'mapaketi amapangidwira anthu ogula zathunthu. Koma kwathu kuno ambiri timagula moduladula: theka la sopo, shuga wa tiyi wa m'mawa umodzi, mafuta a ndiwo za lero. Ndipo wogulitsa weniweni amadziwa kuti kupatsa n'kuika. Switi ya a Namathanga ndi imene yandichititsa kuti ine, bambo wa imvi zanga, ndizidutsa masitolo owala a m'tauni n'kudzagula machesi pa Thuchila.

Kale tinkati zamakonozi n'zolemera, zithera ku Limbe. Tsopano zapepuka, zikukwera minibasi, mawa zifika ku Likhubula ndi m'timisika tonse ta m'mphepete mwa phiri. Sindikuti tizibweze, ayi. Esinati ali ndi ana ofuna sukulu, sangayendetse golosale ndi chifundo chokha. Koma pozilandira, tikutulutsa chiyani pakhonde kuti zipeze malo?

Pobwerera Lachinayi ndinadutsanso pomwepo. Mpando uja unali utabwerera mkati, kumapeto kwa kauntala, pafupi ndi sikelo. Bambo ndi mwana anagawana ntchito: za timizere n'za Esinati, zoduladula n'za a Namathanga. Ndinagula machesi, kamakina kanalira tii, ndinatsanzika.

Ndili m'minibasi, ndinapisa m'thumba la malaya kufuna foni, ndipo ndinakhudza kanthu kolimba. Switi. Sindikudziwa kuti anaiponya nthawi yanji, munthu wosaona. Ndinaimwa pang'onopang'ono mpaka pa Luchenza, misozi ili m'maso.

Kamakina kaja kanabwera m'chikwama, inde. Nanga tsiku limene mpando uja udzatsale wopanda munthu, adzatiponyere switi ndani?