Tsiku Limene Bambo Ndabwera Anayesedwa ndi Mpando

Pamzere wa nyumba zathu, khomo loyang'anizana ndi mpopi ndi la Bambo Ndabwera. Dzina lawo lenileni ndikukayika ngati ngakhale akazi awo akulikumbukira. Anayamba ntchito yoperekera zakudya pahotela yaikulu ya m'tauni tsitsi lili lonse, n'kupuma dazi litafika pankhongo. Zaka zonsezo mlendo akangokweza chala, yankho linali limodzi: "Ndabwera, bwana!" Dzina n'kumera pomwepo.

Ali mwana ankafuna uphunzitsi, koma bambo awo atamwalira sukulu inathera panjira, yunifolomu n'kusanduka malaya opitira kumaganyu. Hotela inawalandira kudzera khomo lakumbuyo, la pafupi ndi mabini, ndipo ndi khomo lomwelo analowera mpaka kukalamba.

Ntchitoyo inawalowa m'mafupa. Kunyumba kwawo, zipinda ziwiri zokha, tebulo amayala ngati kukubwera nduna: foloko kumanzere, mpeni kumanja, tambula atayipukuta mpaka kudzionamo. Akatero amaima pambali, manja kumbuyo, kudikira kuti banja lidye. Iwo amadya pambuyo, chiimire, pafupi ndi zenera.

"Ndinakwatiwa ndi mlongoti ine," amatero akazi awo, amene amagulitsa zovala pamsika. "Munthu uyu amapinda mawondo pogona pokha."

Mwana wawo wamkazi ndiye anapita patali ndi sukulu. Anaphunzira kuwerenga pa nyuzipepala zimene alendo ankasiya pamatebulo, bambo ake n'kumabwera nazo atazipinda m'thumba la jekete. Lero ndi dokotala wa mano, ndipo tonse pamzerewu timamutchula Adokotala, ngakhale ife amene tinkamupukuta mamina.

Ndiye Adokotala anapeza mnyamata. Mnyamatayo alibe vuto, amapereka moni ndi manja awiri. Nkhani inali pa makolo ake. Bambo ake ali ndi malole ambirimbiri, anthu amangoti Bwana Malole. Mayi ake ndi aja amene amayang'ana nsapato zako asanayang'ane nkhope. Makolowo anati mabanja awiriwa adziwane pa chakudya chamasana, ndipo malo anasankha okha: hotela yomwe ija, kumene Bwana Malole ali ndi tebulo lawolawo.

Khoma la nyumba zathu ndi lopyapyala, si kuti ndinkamvetsera. Ndinangomva Adokotala akuti:

"Ababa, ntchito yanu sindichita nayo manyazi, ndipo mnyamata uja akuidziwa. Koma ndikupempha chinthu chimodzi. Mukakhale pansi mpaka tithe kudya. Mukakaimirira n'kuyamba kutola mbale, mayi aja adzationa ngati antchito awo moyo wanga wonse."

"Kukhala pansi kokha? Imeneyo ndi ntchito?"

"Kwa inu ndi ntchito," anayankha akazi awo.

Anayamba kuyeserera. Madzulo aliwonse ankawakhazika patebulo, akazi awo n'kugwetsa supuni dala. Supuni isanathe kulira, bambo ali kale pansi pa tebulo. Tsiku lina mayi anakweza chala akudzikanda m'mutu, anangoona tambula ya madzi ili pamphuno. Mpaka anaganiza zowamangirira kumpando ndi lamba wa diresi, koma Adokotala anakana.

Za tsiku lenilenilo ndinazimva kwa akazi awo pampopi, ndipo mayi amenewa sasiya kanthu. Akuti vuto linayambira panja. Atatsika minibasi, miyendo ya bambo inakhotera yokha kumabini, moti anachita kuwakoka jekete. Pakhomo lakutsogolo mlonda, mnzawo wakalekale, anawatsegulira chitseko atauma nkhope ngati sakuwadziwa, koma mapewa akugwedezeka ndi phwete.

Anakhala pansi. Bwana Malole anawagwira chanza mwaulemu, osawazindikira n'komwe. Munthu amene anawathirira tiyi zaka zosawerengeka! Koma nanga ankawaona nkhope? Ankaona dzanja ndi thireyi basi. Mayi Malole anayang'ana nsapato, n'kuzipeza zikuwala.

Zinayamba bwino. Akazi a Bambo Ndabwera anali atawagwira bondo kunsi kwa tebulo ngati munthu wogwira mbuzi pamsika. Woperekera wina anaika foloko mbali yolakwika. Bondo linanjenjemera, koma linapirira. Kenako mayi anasiya bondo lija kuti atenge buledi, ndipo nthawi yomweyo Bwana Malole, pofuna madzi, anakweza chala osatembenuka, monga amachitira masiku onse.

Bambo Ndabwera anali ataima kale. Manja kumbuyo, khosi chopendekera, pakamwa patatseguka.

Adokotala anatseka maso. Mayi Malole anakweza nsidze mpaka m'tsitsi.

Apa ndi pamene munthu amaona ubwino wokwatira mkazi wapamsika. Mayi anamenya tambula ndi supuni, ngwe ngwe ngwe.

"Pepani nonse, bambo a mwana ali ndi mawu."

Mawu anali kuti? Bambo anayang'ana akazi awo, anayang'ana chitseko, kenako anayang'ana mwana wawo. Ndiye anayamba:

"Ine kulankhula nditakhala sindidziwa, mundikhululukire. M'chipinda chino ndaimamo moyo wanga wonse, pakona apo, pafupi ndi mphika wa maluwa. Ndinkaona ana a anthu akudya ndi makolo awo, mumtima n'kumati, wanga adzakhalako pamipando imeneyi, kaya ine ndidzaona kaya sindidzaona. Lero ndi uyo, wakhala. Ndipo sanabwere yekha, wanditenga ndi ine. Mwana ameneyu satsala m'mbuyo, komanso sasiya munthu m'mbuyo. Inu achimwene amene mukumufuna, mwasankha bwino. Basi, ndatha."

Bwana Malole anali atavula magalasi, akuwayang'anitsitsa kuyambira kudazi mpaka kumanja.

"Dikirani kaye. Kaimidwe aka... Ndinu! Amene munkandibisira shuga dokotala atandiletsa!"

"Ndine ndemwe, bwana."

"Bwana wa chiyani? Ana athu akukwatirana, inu mukuti bwana?" Anatembenukira kwa akazi awo. "Mayi, munthu uyu akanakhala wosasamala, bwenzi pano muli wamasiye."

"Ndiye ndinu amene munkandithandiza?" anatero Mayi Malole, nsidze zikutsika. "Kunyumba ndimalimbana naye ndekha, amabisa maswiti m'galimoto ngati mwana."

Kuseka kunabuka. Bwana Malole anadzuka, anazungulira tebulo ndi mimba yawo yonse, anakoka mpando wa Bambo Ndabwera n'kuwakhazika bwinobwino. Kenako anatenga jagi kuti awathirire madzi. Theka linalowa m'tambula, theka pansalu ya tebulo.

Akazi a Bambo Ndabwera akuti anaona zala za bambo zikufunafuna kansalu kopukutira. Adokotala nawo anaziona. Koma bambo anapinda manja pamimba, anatsamira kumbuyo, n'kuwasiya madziwo ayende mmene akufunira.

"Asewere," anatero, kuyitana Bwana Malole monga amaitanirana makolo a ana okwatirana, "ntchito iyi musafunsire. Sangakulembeni."

Anakhala mpaka mbale yomaliza. Supu itabwera analawa supuni imodzi, n'kuika supuniyo pansi.

"Bwanji ababa?" anafunsa Adokotala, akupukuta m'maso.

"Mwanawe, supu iyi ndakhala ndikuuza alendo kuti ndi yokoma kuposa zonse, ndisanailawepo."

"Ndiye mwaipeza bwanji?"

"Mchere wachepa. Koma bweretsani ina, ndili pompano."