Andiika kolera pamkono

Moni nonse.

Lero azaumoyo anabwera kuno ku Nkhulambe, ndipo andiika kachipangizo kolera ka pamkono. Amuna anga anandiperekeza okha pa njinga. Anamwino atafunsa ngati tagwirizana, iwo anati, "Ana anayiwa akwana, mayiwa apumeko."

Pobwerera ndinakhala pa kaliyala, kamphepo kakundiwomba, minda ya nandolo ikudutsa pang'onopang'ono. Ndinadziona ndili pakhonde la sitolo ku Boma, ndikupalasa makina osokera, kumsana kulibe mwana, nsalu ya buluu ikutsetsereka pamiyendo panga. Bambowa anachita kundigwedeza kuti tafika.

Achemwali a Esinati, makina a malemu amayi aja akadali kwanu? Abale, mukuona bwanji nditawatenga, ndiyambirenso kusoka?