Kadontho kobiriwira kuseri kwa khola

Salamu aleikumu nonse, ndine Asiyatu kuno ku Rivirivi.

Lero kunabwera anthu a kampani ya mafoni, akufuna malo oimikapo nsanja ya netiweki. Anatsegula laputopu n'kutionetsa mapu a mudzi wathu, mapiri ndi zigwa zonse zikuoneka. Mudzi wonse unali wofiira, kusonyeza kuti netiweki sifika chifukwa phiri limaitchinga. Koma panali kadontho kamodzi kobiriwira.

Amalume a Saidi anaseka. "Iyayi, makina sangadziwe mudzi kuposa ine wobadwira muno. Tiyeni mukationetse kadontho kanuko."

Tinawatsatira anthuwo mpaka anakaima pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa khola, paja amayi amapachika foni yawo m'jumbo kuti muziwapeza mukaimba. Abale, foniyo inali pompo ikulendewera, ndipo nthawi yomweyo inalira. Amalume anangokonza kofia yawo pamutu n'kuyamba kufunsa za mvula.

Tsono mapuwo akuti malo abwino a nsanja ndi pachitunda paja, pakati penipeni pa munda wa nandolo wa amayi. Amayi akuti nandolo akhoza kulima pena, bola asiye kuthamangira kumtengo mvula ikugwa kuti amve mawu a ana awo.

Ana awo ndinu. Tiwalole a kampaniwo?