Mfuti ya pa windo ku Wakefield

Tsiku lina nditaweruka shifiti ya m'mawa ku Wakefield, tauni ya kunja kumene ndimagwira ntchito, ndinaona mfuti yosakira nyama pa windo la sitolo, ndipo ndinalowa. Inali yonyezimira, yokhala ndi galasi loonera patali. Wogulitsa anati imagwetsa gwape ali kutsidya kwa munda. Anatchulanso chilolezo cha apolisi ndi kabati yachitsulo yoisungiramo.

Zimenezo sizinandiopse. Koma mtima unathawira kwa malemu bambo anga ndi mfuti yawo ya gogodera yomanga ndi mphira, imene inkakana kulira kukagwa mvula. Akapha nguluwe yotithera chimanga, sankailowetsa m'nyumba. Ankaidulira pabwalo, nyama n'kuyenda m'mbale khomo ndi khomo. Ife tinkatsala ndi mutu ndi chiwindi, amayi akung'ung'udza.

M'basi pobwerera ndinadzifunsa kuti ine ndingagawire ndani. Pamzere wa nyumba zathu timangogwedezerana mutu ndi aneba, maina sitidziwana. Ndingagogode bwanji ndi mwendo wa gwape m'manja?

Mfutiyo sindinaigule. Gwape wathunthu m'firiji ya munthu mmodzi, bambo akanati ndi ufiti.